Tsiku limodzi ku Chantilly, nyumba yachifumu imene mwini wake analetsa kusuntha chithunzi

Henri d'Orléans, amene anthu a ku France amamudziwa ndi udindo wakuti Duke wa Aumale, anamwalira mu 1897 alibe womusiyira chuma. Mkazi wake anali atatsogola kale mu 1869, ndipo ana ake aamuna awiri amene anakulako anamwalira adakali anyamata, wina mu 1866, wina mu 1872. Bamboyu sanafune kuti katundu wake adzagawidwe ngati nyama ya pamaliro, choncho anapereka nyumba yake ya ku Chantilly, pamodzi ndi zithunzi, mabuku, nkhalango ndi makola a akavalo, ku bungwe la akatswiri a maphunziro ndi zaluso lotchedwa Institut de France. Koma anaikapo malamulo awiri okhwima: zithunzi zikhale pamene iye anazipachika, ndipo pasapezeke chinthu chotuluka pakhomopo kukabwerekedwa kwina. Mu 1898 nyumbayo inatsegulidwa kwa anthu onse ndi dzina lakuti Musée Condé.

Malamulo awiriwa ndi amene ayenera kukutsogolerani pokonza ulendo wanu. Zimene zili ku Chantilly simudzaziona ku London kapena ku New York pa chionetsero chilichonse, ndipo mukalowa mukhala mukuyenda m'nyumba ya munthu, momwe anaisiyira. Ndiye musapiteko ngati wothamangitsa basi.

Yambani ndi mapepala ndi tsiku

Chantilly ili kumpoto kwa Paris, mtunda wosapitirira makilomita 50. Ngati muli ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe, mufunika viza ya Schengen kuti mulowe mu France. Abale amene mumakhala ku Britain, chilolezo chanu chokhalira kumeneko sichikutsegulirani chipata cha France ayi. Viza ifunikabe, ndipo ifunsireni kudakali masabata angapo.

Posankha tsiku, chotsani Lachiwiri. Nyumbayi imatsekedwa Lachiwiri lililonse, komanso mu Januwale imatsekedwa kwa masabata angapo. Maola amasintha ndi nyengo: m'miyezi yotentha amatseka mochedwerapo, m'miyezi yozizira amafulumira, ndipo mu Disembala kumada ikamakwana 5 koloko madzulo. Tsegulani tsamba lawo la pa intaneti dzulo lake muone maola a tsiku lanulo. Ine ndimakonda Lachitatu kapena Lachinayi, m'mwezi wa Meyi kapena Seputembala, pamene kunja kuli kobiriwira koma anthu sanachuluke. Mu Juni muli masiku awiri amene tauni yonse imadzaza chifukwa cha mipikisano ikuluikulu ya akavalo, Prix du Jockey Club ndi Prix de Diane. Ngati simukufuna chipwirikiti, masiku amenewo apeweni.

Tikiti gulirani pa intaneti. Pali ya paki yokha, ndipo pali ina yolowera monse: m'nyumba, m'paki ndi m'makola. Tengani yachiwiriyo. Ya paki yokha ndi ya anthu a m'deralo amene amabwera kudzawongola miyendo Lamlungu. Zinthu ziwiri zimalipiridwa padera: masewero a akavalo a m'khola lalikulu, ndi zipinda zogona za Duke ndi mkazi wake, zimene mumalowa pokhapokha muli ndi wokutsogolerani, pa nthawi yoikika, m'kagulu kochepa. Ngati mukuzifuna, sungitsani malo pamene mukugula tikiti.

Sitima

Sitima zopita ku Chantilly zimanyamukira pa Gare du Nord. Kwa ochokera ku London izi n'zamwayi, chifukwa Eurostar yochokera ku St Pancras imatsitsira pa siteshoni yomweyo, ndipo ulendo wake ndi wa maola awiri ndi mphindi pafupifupi 20. Kumbukirani kuti nthawi ya ku France ili patsogolo ndi ola limodzi.

Funani sitima ya TER (sitima zoyenda m'zigawo) yoima pa Chantilly-Gouvieux. Imatenga mphindi pafupifupi 25. Apa ndi pamene alendo ambiri amalakwitsa: Chantilly ili m'chigawo cha Oise, kunja kwa dera la Paris, choncho tikiti ya metro kapena khadi ya Navigo yoyendera m'dera la Paris siigwira ntchito paulendowu. Gulani tikiti yakeyake, pamakina kapena pa foni, yopita ndi yobwerera. Woyendera matikiti m'sitima samva zoti ndinu mlendo, amangolemba chindapusa.

Nyamukani ku Paris cha m'ma 9 koloko kuti pamene akutsegula pa 10 mukhale muli pachipata.

Mukatsika, pali basi ya m'tauni ndi mataxi, koma ngati miyendo ili bwino yendani pansi. Ndi makilomita awiri kapena kuposerapo pang'ono, mphindi 25 mukuyenda mosathamanga, kudutsa m'mphepete mwa nkhalango ndi bwalo la mipikisano ya akavalo. Chinyumba chachikulu chamiyala chimene muyambe kuona chili ndi denga lozungulira pakati, ndipo mudzaganiza kuti mwafika. Simunafike. Limenelo ndi khola. Lidutseni kaye, tibwererako masana.

Valani nsapato zafulati. Njira zake ndi za timiyala ndi miyala yoyala yakale, ndipo nsapato za gogoda zimene munasungira chithunzi cha pa Facebook zidzakulizani isanakwane 12. Chikwama chikhale chaching'ono, chifukwa pachipata amasecha ndipo masutikesi salowa. Ndipo aliyense wogwira ntchito amene mukufuna kumufunsa kanthu, yambani ndi "Bonjour". Pamenepa Afalansa ali ngati ife: kufunsa njira usanapereke moni ndi mwano.

Imani kaye panja muwerenge nyumbayo

Mukakwera chitunda cholowera, mupeza chiboliboli cha munthu ali pa kavalo. Ameneyo ndi Anne de Montmorency, ndipo dzinalo lisakupusitseni, anali mwamuna, mkulu wa asilikali onse a mfumu ya France m'zaka za m'ma 1500. Imani pamenepo mphindi zisanu, chifukwa chimene mukuchiona ngati nyumba imodzi ndi nyumba ziwiri zogundana. Yaifupi, imene yakhala pamadzi penipeni, ndi Petit Château, ndipo inamangidwa cha m'ma 1560 pa nthawi ya Montmorency yemweyo. Yaitali yansanja zosongoka ndi Grand Château, ndipo ngakhale imaoneka yakale, ndi yatsopano poyerekeza ndi inzake. Yoyambirira inagwetsedwa pa nthawi ya kuukira kwakukulu kwa ku France kumapeto kwa zaka za m'ma 1700, miyala yake n'kugulitsidwa. Duke wa Aumale ndi amene anaimanganso kuyambira mu 1875, ndipo mmisiri wake anali Honoré Daumet.

Chuma chomangira anachipeza ali mwana. Anali mwana wa mfumu Louis-Philippe, ndipo mu 1830, ali ndi zaka 8, analandira chuma chonse cha kalonga womaliza wa banja la Condé. Bambo ake atachotsedwa pampando mu 1848, banja lonse linathawira ku England, ndipo iye anakhala kumeneko zaka zoposa 20, nthawi yambiri ku Twickenham. Munthu wandalama zambiri, wopanda ntchito, wosowa kwawo: anayamba kugula mabuku ndi zithunzi. Atabwerera mu 1871 anamanga nyumba yoti katunduyo akhalemo. Ndiye chifukwa chake zipinda zambiri za Grand Château zilibe mabedi, ndipo zina kuwala kumalowera kudenga m'malo mwa mawindo.

Zithunzi ndizo zoyamba, mutu usanatope

Mukalowa, gulu la anthu limakonda kukhotera ku zipinda zagolide. Inu pitani ku zithunzi. Mudutsa mu Galerie des Cerfs, chipinda chodyera chachitali chokhala ndi nsalu zazikulu zoluka zosonyeza ulenje, kenako mufika mu Galerie de Peinture.

Konzekerani kudabwa. Makoma ndi ofiira, ndipo zithunzi zapachikidwa mothithikana kuyambira m'chiuno mpaka kudenga, chachikulu pambali pa chaching'ono, cha ku Italy moyang'anana ndi cha ku France. Nyumba zamakono zosungira zaluso zimapatsa chithunzi chilichonse khoma lake loyera. Kuno ayi, wilu inakana. Akatswiri amati pa zithunzi zakale zojambula pamanja, mu France monse Chantilly imangoposedwa ndi Louvre, nyumba yaikulu yosungira zaluso ku Paris, koma mukayesa kuona chilichonse mutuluka osakumbuka n'chimodzi chomwe. Sankhani zochepa ndipo muzipatse nthawi.

Yambani ndi cha Nicolas Poussin chosonyeza kuphedwa kwa ana a ku Betelehemu. Nkhaniyo mumaidziwa kuchokera pa Mateyu 2, koma onani mmene wajambulira: msilikali mmodzi, khanda limodzi pansi pa phazi lake, mayi mmodzi akukuwa. Sanafune chigulu cha anthu kuti mumve kuwawa. Kumapeto kwa chipindacho kuli malo ozungulira kumene kuli Madonna wa Loreto, wa Raphael. Kwa zaka zambiri anthu ankachiyesa chongokopera, mpaka pamene chinatsukidwa ndi kufufuzidwa m'zaka za m'ma 1970 n'kupezeka kuti ndi chenichenicho. Funaninso nkhope ya Simonetta Vespucci yojambulidwa ndi Piero di Cosimo, mtsikana woyang'ana kumbali ali ndi njoka yokulunga mkanda wa m'khosi mwake.

Kenako funsani njira ya ku Santuario. Ndi kachipinda kakang'ono kopanda mawindo m'makoma, ndipo anthu ambiri amangosuzumira n'kupitirira. Inu khalanimo mphindi 20. Muli zithunzi zina ziwiri za Raphael, ndipo chimodzi, cha atsikana atatu ogwira timipira tagolide, n'chaching'ono moti chikhoza kubisika kuseri kwa kope la kusukulu. Muli chithunzi cha Filippino Lippi cha nkhani ya Estere ndi mfumu Ahaswero. Ndipo kuzungulira khoma kuli tizithunzi 40 ta Jean Fouquet, amene anatijambula m'zaka za m'ma 1450 m'buku la mapemphero la Étienne Chevalier, msungichuma wa mfumu. Bukulo linadulidwa masamba kalekale, ndipo Duke anagula 40 amenewa pamodzi. Sendezani nkhope pafupi, koma osakhudza galasi. Pamalo osakwana chikhatho mupeza tchalitchi chonse, ndi anthu amene aliyense ali ndi nkhope yakeyake. Amene mumavala magalasi owerengera, musawaiwale kunyumba.

Kujambula ndi foni amalola, bola muzimitse fulashi.

Pali chinthu china chimene ife a ku Africa sitiyenera kuchidutsa ngati sitikuchiona. Duke ameneyu anali msilikali pa nkhondo yolanda Algeria. Mu 1843, ali ndi zaka 21, anatsogolera asilikali amene anagwira msasa waukulu wa Abd el-Kader, mtsogoleri amene ankakana ulamuliro wa Afalansa, ndipo pambuyo pake anakhala bwanamkubwa wa dzikolo. Zithunzi za Aluya, akavalo ndi chipululu zimene muone pamakomapo zinasonkhanitsidwa ndi munthu amene anapita kumeneko ndi mfuti. Kukongola kwake ndi koona, ndipo zimenezinso n'zoona.

Laibulale

Ichi ndi chipinda chimene ine ndimachikonda koposa. Cabinet des Livres ndi yaitali, ya nsanjika ziwiri za mashelefu, ndipo mabuku ake ndi achikopa chofiira, chobiriwira ndi chagolide. Nyumbayi imasunga mabuku olembedwa pamanja pafupifupi 1,500. Lotchuka koposa ndi Très Riches Heures du duc de Berry, buku la mapemphero limene abale atatu a ku banja la Limbourg anayamba kulijambula cha m'ma 1411. Onse atatu anamwalira mu 1416, chaka chomwe anamwaliranso bwana amene anawapatsa ntchitoyo, ndipo ena anadzalimaliza patapita zaka pafupifupi 70. Duke wa Aumale analigula ku Italy mu 1856.

Musakhumudwe mukapeza kuti chimene chaikidwa pagalasi ndi chofanizira chake. Lenilenilo limaonongeka ndi kuwala, ndipo limatulutsidwa mwa apo ndi apo, monga zinachitikira mu 2025. Chofaniziracho chikukwanirani. Funani masamba a kalendala, mwezi uliwonse ndi ntchito yake: mu Malichi mlimi akulima ndi ng'ombe, mu Julayi akukolola tirigu ndi kumeta nkhosa, mu Okutobala akufesa mbewu mbalame zikutola kumbuyo kwake, chiopsezo cha mbalame chitaimikidwa pakati pa munda. Kumbuyo kwa alimiwo nthawi zambiri kuli nyumba yachifumu ya bwana wawo, yoyera, yaitali. Aliyense amene anakulira kumudzi adzazindikira msana wowerama uja.

Mukatuluka m'laibulale, zipinda zagolide zija zili pomwepo, ndipo mukhoza kuzidutsa mwachangu. Imani pawiri pokha. Poyamba mu Grande Singerie, kachipinda kamene makoma ake onse anajambulidwa anyani ovala zovala za anthu, ena akusaka, ena akudzikongoletsa, ntchito ya Christophe Huet ya mu 1737. Ana amasangalala nako kwambiri. Kachiwiri mu chipinda chachitali cha nkhondo za Grand Condé, kalonga amene anagonjetsa asilikali a Spain ku Rocroi mu 1643 ali ndi zaka 21. Iye yemwe ndiye analamula kuti nkhondo zake zijambulidwe, ndipo chimodzi mwa zithunzizo chimamuonetsa akulapa chifukwa cha zaka zimene anaukira mfumu yake.

Chakudya, ndi nkhani ya nsomba

Ikamakwana 1 koloko mudzakhala ndi njala. M'nyumba momwemo muli malo odyera otchedwa La Capitainerie, m'makhitchini akale. Makhitchini amenewa ali ndi nkhani yomvetsa chisoni. Mu Epulo 1671, Grand Condé anaitana mfumu Louis XIV ndi anthu ake ochuluka ku phwando la masiku atatu, ndipo woyang'anira zonse anali François Vatel. Tsiku la Lachisanu, losadya nyama, nsomba zochokera kunyanja zinachedwa. Vatel, amene anali atakhala masiku ambiri osagona, anaona kuti manyazi ake ndi osapiririka, anakalowa m'chipinda chake n'kudzipha. Nsombazo zinafika pasanapite nthawi. Amene munakhalapo wapampando wa komiti ya zakudya pa ukwati mukudziwa mmene mtima umagundira ndiwo zikachedwa, ngakhale kuti palibe phwando loyenera moyo wa munthu.

Mudzamva ena akunena kuti Vatel ndi amene anayambitsa kirimu wotchuka wa Chantilly. Imeneyo ndi nthano chabe, dzinalo linadzamveka iye atamwalira kalekale. Koma kirimuyo mulaweni. Ndi mafuta a mkaka opuntha mpaka atachita thovu lolimba, othira shuga ndi vanila. Malo abwino omudyera ndi ku Hameau, m'paki, kumene m'miyezi yotentha amamuika pa sitiroberi kapena pa keke. Hameau ndi kamudzi ka tinyumba tofolera ndi udzu kamene kalonga wina wa Condé anamangitsa cha m'ma 1775 kuti iye ndi alendo ake azisewera umphawi, kunja ngati kwa mlimi, mkati ngati kwa mfumu. Mfumukazi Marie-Antoinette anatengera pomwepa pomanga kake ku nyumba yachifumu ya Versailles. Munthu wobadwira m'nyumba yaudzu yeniyeni amangopukusa mutu, kenako n'kupitiriza kudya kirimu.

Paki

Paki ndi ya mahekitala 115, ndiye musalimbane nayo yonse. Imani pamwamba pa masitepe akulu kuseri kwa chiboliboli chija muyang'ane pansi: maiwe ooneka ngati magalasi, kapinga wodulidwa mwa mizere, ndi ngalande yaikulu yotalika makilomita awiri ndi theka. Anakonza zimenezi ndi André Le Nôtre, yemwe uja wa minda ya ku Versailles, ndipo madziwo anawapatutsa kuchokera mu mtsinje wa Nonette. Tsikani, khoterani kumanja kupita ku Hameau, mubwerere m'mphepete mwa ngalande. Ola limodzi likwana. Okalamba ndi ana akhoza kukwera kasitima ka matayala kamene kamazungulira m'paki m'nyengo yotentha. M'madzi ozungulira nyumbayo muli nsomba zikuluzikulu zonenepa zimene zimabwera zokha mukaima pamlatho. Mbedza musaiganizire n'komwe.

Khola lija

Tsopano bwererani ku chinyumba munachidutsa m'mawa. Grandes Écuries anamangitsa ndi Louis-Henri de Bourbon kuyambira mu 1719, mmisiri wake Jean Aubert. Kutalika kwake ndi mamita 186, ndipo munkakhala akavalo 240 ndi agalu osakira mazanamazana. Anthu amasimba kuti kalongayu ankakhulupirira kuti akadzafa adzabadwanso ngati kavalo, ndiye anafuna kukonzeratu pogona. Kaya n'zoona kaya ndi nthabwala za anthu a m'tauni, mukaima pansi pa denga lozungulira lija mudzaona chimene chinabala nkhaniyo.

Lero muli nyumba yosonyeza mbiri ya kavalo, ndipo akavalo amoyo akadalimo. Masiku ambiri pamakhala chionetsero chachifupi cha mmene amawaphunzitsira, ndipo wokwerayo amafotokoza mmene amalankhulira ndi kavalo pogwiritsa ntchito miyendo, zingwe ndi kulemera kwa thupi lake. Amalankhula Chifalansa, koma maso okha akuuzani zambiri. Nthawi yake imalembedwa pachipata, ndiye ioneni m'mawa pamene mukudutsa kuti mudziwe nthawi yochoka m'paki. Fikani mphindi 15 isanakwane, chifukwa mipando yakutsogolo imatha msanga. M'miyezi yozizira valani jekete, m'kholamo mumazizira ngati panja.

Kuchokera pakhola kubwerera ku siteshoni ndi mphindi 20. Madzulo sitima zopita ku Paris zimatalikirana, makamaka Loweruka ndi Lamlungu, ndiye onani nthawi yake pa foni musanatuluke m'khola. Ngati mukukwera Eurostar usiku womwewo, onjezerani ola limodzi ndi theka la pa Gare du Nord, chifukwa mapasipoti amadindira komweko musanakwere.